Tsiku limene amalume anakana kumva

Kalata yondiitana kukoleji itafika, bambo anaiwerenga kawiri ali chiimire pakhonde pathu ku Kawale, kenako anandifunsa kuti komyunikeshoni ndi chiyani. Ndinawafotokozera mmene ndinkamvera inenso nthawi imeneyo, kuti ndi maphunziro a kaperekedwe ka uthenga, kuti munthu ukanena chinthu anzako amve chomwe iwe wafuna kuti amve.

"Ndiye kuti ukukaphunzira kuyankhula," anatero bambo. "Iwe unayamba kuyankhula usanamere mano, ndipo chiyambire sunapumepo. Zaka zinayi zonsezo akakuphunzitsanso chiyani?"

Amayi sanavutike nazo. Kumsika wa Mchesi, kumene ankagulitsa kaunjika, anangolengeza kuti mwana wawo wamkazi akukaphunzira za pa wailesi, ndipo anzawo anayamba kundisungitsa moni woti ndidzawapatsire abale awo ndikadzangoyamba ntchito.

Mlungu woyamba, mphunzitsi wathu anajambula pabolodi mabokosi awiri, lina la wotumiza uthenga, lina la wolandira, ndi muvi pakati pake. Pamuvipo anakhwatchakhwatcha n'kunena kuti limenelo ndi phokoso, kutanthauza chilichonse chochedwetsa kapena chosokoneza uthenga. Ndinabwerera kunyumba tsiku limenelo nditapeza dzina la matenda a banja lathu lonse. Kwathu munthu wodzabwereka mchere ankayamba wafunsa za chifuwa cha mwana. Amayi akafuna kunena kuti belo la zovala lakwera mtengo, ankayambira pomwe anadzuka, n'kudutsa kwa mayi wina amene anakumana naye pamjigo, n'kukhoterako pang'ono kwa mpongozi wa mayiyo. Ine ndinkawadula.

"Amayi, tangonenani mutu wa nkhani."

"Dikira, ndikufika," ankatero. "Minibasi nayo imayamba yadzaza."

M'chaka chachiwiri ndinatsegula gulupu ya banja pafoni, adimini n'kukhala ine ndemwe. Ndinaikamo malamulo asanu, ndipo onse anaphwanyidwa tsiku lomwelo ndi munthu mmodzi, amalume, mlongo wawo wamkulu wa amayi. Amalume ankaumba njerwa ku Chinsapo, ndipo foni ankaikonda kuposa tonse achinyamata. Ankatumiza zithunzi za maluwa m'mawa uliwonse, maulaliki a abusa osawadziwa, ndi mawu ojambula a mphindi naini ofotokoza kuti galu wa aneba wadya nkhuku. Aliyense akalemba kanthu, kaya ndi ka mvula kaya ka mtengo wa shuga, iwo ankayankha pasanathe mphindi. Ine ankanditchula kuti a mtolankhani, ndipo ndikawadzudzula kuti akudzaza gulupu, ankandiyankha ndi chithunzi cha mwana wovina.

Amayi anayamba kudwala ndili m'chaka chachitatu, mwezi wa Okutobala uli pakati, dzuwa likuswa mtengo. Anagonekedwa m'chipatala milungu itatu. Ndinkawadikirira ndine, mabuku ali pansi pa bedi, bambo n'kumabwera m'mawa ndi phala asanapite kuntchito yawo ya ulonda wa masana. Tsiku lina ndikuwapukuta kumaso anandiuza mosazungulira, mwina koyamba m'moyo wawo, kuti zikakanika tikawaike kumudzi ku Dowa, pafupi ndi amayi awo. Anati manda a m'tauni sawafuna chifukwa anthu amadutsamo popita kumsika. Ndinawauza kuti asiye kuyankhula zopanda pake, koma ndinamva.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa, cha m'ma sikisi, bambo atangolowa ndi phala lija. Bambo anakhala pansi pomwepo, kontena ili m'manja. Ine sindinalire. Ndinatuluka panja, ndinakhala pabenchi la simenti, ndinatulutsa foni n'kuyamba kugwira ntchito imene ndinkaiphunzira. Tinkaphunzitsidwa kuti uthenga wabwino umayankha mafunso asanu: ndani, chachitika n'chiyani, liti, kuti, ndipo zatheka bwanji. Ndinaulemba katatu. Poyamba ndinayamba ndi mawu akuti "ndi chisoni chachikulu", koma ndinawachotsa pokumbukira kuti imfa siifunika kuiyika mchere. Umene ndinatumiza unali uwu:

"Tikudziwitsa abale onse kuti amayi athu atisiya m'mawa uno kuchipatala atadwala milungu itatu. Maliro ali kunyumba ku Kawale. Tidzawaika m'manda Lachinayi kumudzi ku Dowa."

Za Lachinayizo palibe anandiuza. Ndinangowerengera ndekha kuti Lachitatu ndi la ulendo, ndiye lotsatira lake ndi loika. Ndikuvomera kuti nditauwerenganso ndinakhutira nawo, ndipo pakati pa zonse zimene zinali kundichitikira m'mawa umenewo ndinapeza mpata wodziyamikira kuti munalibemo liwu lowonjezera.

Mayankho anayamba kugwa nthawi yomweyo. Azakhali a ku Area 25 anatumiza mawu akulira. Asuweni analemba mapepani ndi timanja topemphera. Ndinayang'ana mndandanda wa omwe awerenga, ndipo amalume anali achiwiri, patangotha mphindi zitatu. Sanayankhe kanthu. Ndinaganiza kuti akwera kale kabaza.

Pofika masana, pakhomo pathu panali patadzaza. Anyamata a m'dera anali ataika masamba pamsewu, amayi a kumpingo anali m'nyumba akuimba, mipando yathu ili panja, thupi lili kumochale. Anthu a ku Mgona anafika, a ku Area 23 anafika, ngakhale mayi wa pamjigo uja anafika ndi mpongozi wake. Amalume okha, amene kwawo n'kwa minibasi ziwiri basi, sanaoneke.

Cha m'ma wani koloko mkulu wa mpingo anakhala pansi ndi bambo pansi pa mtengo wa mango kuti akonze dongosolo. Ndinadziitana ndekha pamenepo ndi kope langa, poti zolemba zonse ndinkaziona ngati zanga. Mkuluyo anafunsa funso limodzi.

"Kodi eni mbumba amva?"

Bambo anati ayi, akudikira mng'ono wawo afike kuchokera ku Biwi kuti amutume. Ine ndinalowerera mwachangu, ndikuganiza kuti ndikuwapeputsa ntchito. Ndinati amva kalekale, ndipo ndinawaonetsa foni, uthenga wanga ndi timizere tiwiri tabuluu pansi pake. Bambo foni yawo inali ya mabatani ndipo pagulupu panalibepo dzina lawo. Anatenga yangayo, anaitalikitsa kumaso, anawerenga pang'onopang'ono milomo ikuyenda. Atafika pa Lachinayi anaima.

"Wauza anthu tsiku ndi manda," anatero motsitsa mawu. "Mwanawe, ine mayi ako ndinangowakwatira. Si anga oti ndingaloze powaika."

Zimenezi sizinali zachilendo kwa ine. Kwathu mkazi ndi ana ake ndi mbumba ya mlongo wake, ndipo akamwalira, a kuchimuna amatuma munthu kukagwada kwa mwini mbumbayo n'kumuuza pamaso. Iye ndiye amauza kumudzi, ndipo adzukulu okumba manda sagwira khasu asanamve kwa iye. Chaka chathacho ndinali nditalemba asainimenti yonse ya njira zachikale zoperekera mauthenga, n'kufotokoza zimenezi bwinobwino, ndipo ndinakhoza kuposa aliyense m'kalasi. Ndinangolemba zonse ngati zinthu zimene anthu ankachita kale, kwinakwake, mafoni asanabwere.

Tili pomwepo msuweni wanga wa kumudzi anaimba. Anati adzukulu akufunsa kuti za Lachinayi wanena ndani, chifukwa iwo sanamve kuti kwagwa maliro. Ndinati nanga iyeyo wandiimbira bwanji ngati sanamve. Anati iye waona pafoni, koma mudzi sunamve.

Apa mtima unandipsa. Ndinapita kuseri kwa bafa n'kuwaimbira amalume ndekha. Anayankha itangolira kamodzi.

"A mtolankhani. Mwaswera bwanji?"

"Amalume, meseji ija mwaiona?"

"Pafoni pamabwera zambiri, mwanawe. Dzulo panabwera yoti ndawina galimoto."

"Koma mwawerenga. Ikuonetsa kuti mwawerenga."

"Ine sindinamve kanthu," anatero amalume. "Ndili pano ndikuumba njerwa. Ngati kuli nkhani, pakhomo panga mukupadziwa."

Anadula. Ndinabwerera pamtengo wa mango n'kuyamba kufotokozera amuna awiri achikulire, mmodzi wa iwo mkazi wake atangomwalira, kuti uthenga ukachoka kwa wotumiza n'kufika kwa wolandira ndiye kuti waperekedwa, ndipo umboni ulipo. Ndinati amalume akungofuna kunyengereredwa. Mkulu wa mpingo anandimvetsera mpaka kumapeto, mwaulemu ndithu, kenako anatembenukira kwa bambo n'kunena kuti eni mbumba akapanda kubwera, thupi likhalabe kumochale, ndipo zikapitirira tidzangopempha malo kumanda a konkuno. Nditamva za manda a konkuno ndinatseka kope langa. Chinthu chimodzi chokha amayi anandipempha momveka, ndipo ndinali nditachiika pangozi ndi ziganizo zitatu zopanda cholakwika chilichonse.

Bambo aang'ono anafika patapita kanthawi. Iwo ndi osoka nsapato pansi pa mtengo ku Biwi, sukulu analekezera sitandade faifi, ndipo amayankhula mmene amasokera, kuboola kamodzi n'kukoka ulusi mpaka utathera. Ndiwo anali nkhoswe ya ukwati wa makolo anga kuchimuna. Atauzidwa zonse anangoti, "Safunsa anadya phula," kenako anandiyang'ana n'kuti, "Tavala chitenje. Tipitira limodzi."

Mu minibasi yopita kudepoti, ndiponso mu ina ya ku Chinsapo, ndinkakonza zokanena. Tinali titaphunzira mmene kampani imapepesera ikalakwira anthu: kuvomera msanga, kusaloza ena chala, ndi kunena chomwe uchite kuti zisachitikenso. Ndinazisanja m'mutu mwanga n'kuwayeserera bambo aang'ono chapansipansi. Anamvetsera akuyang'ana pawindo.

"Zili bwino," anatero. "Koma ukakafika ukangokhala chete."

Tinatsika pasiteji n'kuyenda wapansi kudutsa m'minda youma ya anthu, fumbi likulowa m'maso. Amalume tinawapeza pabwalo lawo la njerwa, kuseri kwa nyumba, ali ndi chikombole m'manja. Anali m'zovala zantchito, koma dothi la m'chikombolemo linali louma gwa, ndipo pabwalo ponse panalibe njerwa yaiwisi ngakhale imodzi. Maso awo anali psu. Anatiuza, tisanafunse, kuti ndi utsi wa uvuni, pamene uvuniwo unali usanayatsidwe. Podutsa pakhomo pa nyumba ndinaona chikwama chomanga kale ndi nsapato zakuda zopolisha zili pambali pake. Akazi awo anatuluka ndi mpando ndi mkeka, nkhope itatupa, n'kutilonjera ngati tabwera kudzacheza.

Bambo aang'ono mpando uja anaukankhira pambali. Anavula chipewa n'kukhala pansi pafumbi, ine n'kukhala pamkeka kumbuyo kwawo. Amalume anakhala pamulu wa njerwa zakale, anaomba m'manja pang'ono.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

"Taswera choncho, alamu. Kaya inu kuno?"

"Ife tilipo. Ntchito ya nsapato ikuyenda?"

Anafunsa za nsapato. Anafunsa za ana a bambo aang'ono mmodzimmodzi. Anafunsa ngati ku Biwi madzi akutuluka. Ine ndinakhala pamenepo ndikuwerenga mphindi, ndikuganiza za thupi la amayi m'chipinda chozizira, ndipo mumtima ndinkati ili ndiye phokoso lenileni, lofunika kulijambula pabolodi. Kenako amalume anatembenukira kwa ine.

"Nanga inu a mtolankhani, sukulu?"

"Ili bwino, amalume."

"Bambo ako?"

"Alipo."

"Mayi ako adzuka bwanji lero?"

Ndinatsegula pakamwa. Mawu onse ndinali nawo, ndinali nditawalemba katatu, ndipo anthu oposa makumi atatu anali atawawerenga. Koma kuyambira m'mawa ndinali ndisanawanene ndi pakamwa panga kwa munthu aliyense. Ndinayang'ana amalume, amene mphuno ndi chipumi n'zofanana ndi za amayi, ndipo lilime linakana. Ndinangoti "amayi", n'kubwerezanso "amayi", basi.

Bambo aang'ono anandisiya ndivutike pang'ono, kenako anatsokomola n'kuyamba. Anayambira kutali, tsiku limene amayi anabwerako kumsika akudandaula mutu. Ananena za panado amene anamwa, za chipatala chaching'ono chimene tinayambira, za galimoto ya aneba imene inawanyamula. Ananena za madiripi, za tsiku limene anapezako bwino n'kupempha chakumwa cha mphesa cha m'botolo, za amayi a kumpingo amene anabwera kudzapemphera, za mlungu wachitatu pamene anayamba kukana chakudya. Zambiri mwa izi amalume ankazidziwa, chifukwa iwonso ankabwera kudzazonda, koma ankangogwedeza mutu n'kumati "eya, eya", ngati akuyenda nawo njira yomweyo. Ine amene ndinalipo masiku onsewo ndinali ndisanaiyende chotero.

"Tinayesetsa, alamu," anatero bambo aang'ono pomaliza. "Achipatala nawo anayesetsa. Zatikanika. Mbumba yanu imene munatipatsa yatisiya m'mawa uno, ndiye achimwene andituma kuti ndidzakutulireni. Ife pathu pathera pamenepa. Zotsala n'zanu."

Akazi a amalume anayamba kulira pomwepo, kulira kumene zinkaoneka kuti akhala akukumeza tsiku lonse. Amalume anaika chikombole pansi bwinobwino, anaphimba nkhope ndi manja onse awiri, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka. Analira nthawi yaitali, akutchula mlongo wawo ndi dzina la paubwana limene ine ndinali ndisanalimvepo. Palibe anawatonthoza. Aneba awiri atatu anatulukira kumpanda n'kudzakhala pansi chapatali.

Atapukuta m'maso ndinaona kuti nthawi yanga yakwana, ndipo ndinayamba chipepeso changa chija. Ndinafika pakati pa mfundo yoyamba.

"Zisiye zimenezo," anatero amalume. "Ndinali ndekha pano m'mawa, manja ali matope. Ndinaganiza kuti ndi wina akuyankha maluwa anga. Ndinawerenga kuti mlongo wanga wafa, ndi tsiku lomuika lomwe, ndili pakati pa njerwa, pansi pa uthengawo wina ataika kale timanja topemphera. Ndikanalira kwa ndani pamenepo?"

Chipepeso chija ndinachisiyira pomwepo. Manyazi anandigwira, koma chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ndinkaganiza kuti akufuna ulemu, pamene iwo anakhala maola asanu ndi atatu atagwira chikombole, akudikira kuti wina wa ife abwere.

"Unalipo iweyo?" anafunsa.

"Ndinalipo."

"Anavutika?"

"Ayi. Anangokhala ngati akugona."

"Ananenapo kanthu?"

Ndinayamba kupukusa mutu, kenako ndinakumbukira. Kutangocha, ndikuwakonzera pilo, amayi anatsegula maso, anandiyang'ana, anayang'ana pawindo kuwala, n'kundifunsa kuti, "Iwe, lero ulibe kalasi?" Ndinawayankha kuti ndilibe, ngakhale ndinali nayo. Anati ndisamajombe. Sanayankhulenso.

Nditawauza amalume anaseka misozi ikutsika. "Ndi yemweyo ameneyo," anatero. "Mpaka pamapeto kulamula anthu." Anaseka pang'ono, analiranso pang'ono, kenako anapuma mozama n'kutembenukira kwa bambo aang'ono.

"Alamu, tsopano ndamva."

Ndinkaganiza kuti tsopano atuma munthu wapansi kapena wa njinga kupita ku Dowa, ndipo ndinayamba kale kuwerengera kuti zitidyera masiku angati. Amalume anangopisa m'thumba, anatulutsa foni, anaipukuta pa malaya n'kuimbira mng'ono wawo kumudzi. Sanafunse za mvula kapena za ana.

"Ndine," anatero. "Mlongo wathu wamwalira m'mawa uno. Alamu afika, andiuza. Kauzeni akuluakulu, ndipo adzukulu akumbe kumanja kwa amayi, pamene pali mpata paja. Tibwera naye Lachisanu."

Ndinamva mawu akuti wamwalira akutuluka m'kamwa mwa munthu amene anakula nawo amayi, akupita kwa wina amene anakula nawonso. Ndinagwa chammbali pamkeka paja n'kulira mokuwa ngati mwana wotayika pamsika. Akazi a amalume anandikokera pamiyendo pawo. Amalume analowa m'nyumba kukavala nsapato, ndipo bambo aang'ono anakhala pafumbi pomwepo, chipewa chili pabondo, kudikira kuti ndimalize.